Dzanja la Apongozi ku Foti Jemusoni

Nkhani iyi ana anga amaidziwa theka lokha, ndipo theka limenelo ndi lija ndinalikonza ndekha kuti ndizioneka ngati munthu. Lero ndakalamba, mano atha, ulemu woti ndiziuteteza watsala wochepa, ndiye lekani ndiinene yonse. Ngati muli ndi apongozi ndipo mukuganiza zopita nawo kutauni kuti akaone nzeru zanu, yambani mwakhala pansi.

Anali masiku a Chitaganya, ine ndili pa chikamwini m'mudzi wina kuseri kwa Mkaika. Ndinali nditakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Achinyamata a lero simunazione izi: mkamwini ankakhala kwawo kwa mkazi, kulima munda wa apongozi, kuwalukira nkhokwe, kuwafolerera nyumba, ndipo apongozi aakaziwo osawayang'ana kumaso, osawalankhula, osadya iwo akuona. Mukakumana m'njira, mmodzi ankapatukira kutchire. Ine ndinapatuka kambirimbiri moti chitedze cha m'njira ya kudambo chinkandidziwa ndi dzina lomwe. Zaka zonsezo apongozi anga, aNaphiri, sanalankhulepo mawu amodzi olunjika kwa ine. Akafuna nkhwangwa ankauza mkazi wanga, mkazi wanga n'kuuza mwana wathu Esinati, Esinati n'kudzandiuza ine, tonsefe tili pabwalo limodzi.

Koma mtima wanga unali kumsewu. Ndinali nditaphunzira utelala, makina osokera ndinali nawo, ndipo mmwenye wina wa ku Katete anali atandilola kuti ndizisokera pakhonde la sitolo yake. Anandiuza kuti khondelo lindidikira mpaka mvula yoyamba, ikangogwa alipereka kwa telala wina. Kumudzi kuja ndinkangosoka zigamba, malipiro ake dzungu. Kuti ndisamuke ndi mkazi ndi mwana panafunika chitengwa, ndiko kuti eni mbumba avomere kuti mwana wawo ndipite naye. Ndinali nditapempha kawiri kudzera mwa ankhoswe. Atsibweni ake a mkazi wanga, a Gelesomu, ankangoti amva, koma mudzi wonse unkadziwa kuti mawu enieni ali m'kamwa mwa mlongo wawo. Ndipo aNaphiri ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Akapita naye kumsewu mwana wawo, adzamuonanso liti?

Ndiye itamveka mbiri yoti ku Foti Jemusoni (komwe lero mumati Chipata) kuli chionetsero cha ng'ombe ndi mbewu, komanso kuti chaka chimenecho kwabwera tenti yaikulu ya zasayansi, nzeru inandifika. Ndinati ndiwatenge onse atatu, tikaone masitolo, tikaone sayansi, apongozi akadzionere okha kuti mkamwini wawo tauni amaidziwa, zachizungu amazimvetsa, mwana wawo sangasochere m'manja mwake. Mkazi wanga, amene nthawi imeneyo anali woyembekezera, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa ngati ndaganizapo bwino za kumene ndikaike maso anga tsiku lonselo. Ndinamuyankha kuti munthu amene anayenda mu Halale sangalephere kuyendetsa anthu atatu mu Foti. (Ku Halale ndinakhalako miyezi isanu ndi inayi, yambiri ndikusita zovala kuseri kwa nyumba ya mzungu, koma mbali imeneyi kumudzi sindinkaitchula.)

Apongozi anavomera, kudzera mwa Esinati.

Tinakwera lole yonyamula mtedza m'mamawa. Kuti ulemu usasokonekere, apongozi anakhala kutsogolo atafunda nsalu kumutu, ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni nditayang'ana kumene tikuchokera. Fumbi lonse la msewu wa Katete ndinalimeza ine. Jekete langa lakuda, losoka ndekha, linafika ku Foti lili lofiira, nsidze zili zofiira, koma botolo la madzi akumwa limene ndinalinyamula m'thumba linafika bwinobwino. Madziwo anali a pachitsime chimene ndinakumbira apongozi chaka changa chachiwiri, ntchito imene ndinkainyadira kuposa zonse.

Tinayamba ndi masitolo a amwenye. A azungu ndinawalambalala dala, chifukwa masiku amenewo munthu wakuda ankagulira pawindo, ndipo sindinafune kuti apongozi aone munthu wa ku Halale ataima pamzere chipewa chili m'manja. Tinalowa m'sitolo ina yaikulu, nsalu zili mbwee mpaka kudenga, ndipo ndinauza Esinati kuti auze amake kuti auze agogo ake kuti asankhe duku limene alikonda. Yankho linabwerera njira yomweyo. Mwini sitolo ankangotembenuza mutu uku ndi uku kutsatira uthengawo, mpaka anafunsa ngati pali wina wogontha pakati pathu.

Ine sindinamusamale. Ndinagwira nsalu iyi, kuikoka, kuinunkhiza, kunena mokweza kuti ulusi wake ndi wa chinyengo, kuti ya mtundu uwu ku Halale timapukutira mawindo. Kenako apongozi anasendera kufupi kuti aone maduku, ndipo ine monga mkamwini wolangidwa ndinawafulatira n'kuyang'ana kukhoma. Kukhomako kunali galasi lalitali, loonera thupi lonse. Ndipo m'galasimo munali apongozi, amene nawonso anali atapotolokera kumbali pofuna kundipewa. Maso athu anakumana ndendende.

Aka kanali koyamba kuwaona nkhope bwinobwino. Ndikukumbuka kuti ndinadabwa kuona kuti ndi mkazi wanga yemweyo, kungoti wa mphini m'masaya. Kudabwako sikunakhalitse. Tonse tinadumpha nthawi imodzi, iwo chakukhomo, ine chammbuyo, ndipo kumbuyo kwangako kunali mulu wa mbale zachitsulo. Phokoso lake linaimitsa njinga mumsewu. Ndinatola mbale zija nditagwada, imodziimodzi, ina inagubuduka mpaka pakhonde Esinati akuithamangira. Duku tinagula ndithu, lobiriwira. Titatuluka, mkazi wanga anayenda pafupi nane n'kunena motsitsa mawu, osandiyang'ana: "Kamodzi kameneko."

Ndinadzilimbitsa mtima kuti zagalasi si mlandu, palibe amene anachita dala. Kutenti ya sayansi ndiye kumene ndikabweze ulemu wanga.

Tenti ija inali yodzaza, yotentha, yonunkha udzu wopondedwa. Woonetsa zinthu anali mphunzitsi wachinyamata wovala chijasi choyera, munthu wakuda ngati ife koma wooneka kuti anakulira kusukulu za amishoni, wa mawu okoma ndi manja osakhazikika. Pakhomo penipeni panapachikidwa mafupa a munthu wathunthu, omangidwa ndi mawaya. Apongozi anaima nji, n'kutuma mkazi wanga kuti afunse kuti malemuwa kwawo n'kuti, nanga abale awo akudziwa kuti sanaikidwe? Mphunzitsi anaseka, anthu anaseka, ine ndinaseka kwambiri kuposa onse kuti aliyense aone kuti zoterezi ndinazizolowera. (Usiku wake mafupa aja ndinawalota, koma imeneyo ndi nkhani ina.)

Tinaona galasi loyatsa pepala ndi dzuwa, tinaona chitsulo chokoka misomali popanda kuigwira, tinaona mwezi wojambulidwa uli ndi maenje ngati msewu wa dzinja. Paliponse ine ndinkafotokozera Esinati mokweza, mawu olunjika kwa mwana koma opita kwa agogo ake. Zina ndinkazidziwa, zambiri ndinkangopeka pomwepo.

Kenako tinafika pa chipangizo chimene ankachitcha maikulosikopu, kampope kosuzumiramo ndi diso limodzi, koonetsa tinthu timene maso sangathe kuona. Mphunzitsi anali ataikapo dontho la madzi a pachithaphwi, ndipo anthu ankasuzumira mmodzimmodzi n'kubwerera m'mbuyo akulavula, chifukwa m'dontho lija munali tizilombo tosambira. Apa mtima wanga unati mwayi ndi uwu. Ndinatulutsa botolo lija n'kulengeza kuti madzi oterowo amamwa ndi anthu a m'midzi ya alesi, kwathu timamwa a pachitsime chokumba ine ndi manja angawa, ndipo aphunzitsi aikepo dontho kuti anthu aone kusiyana kwake.

Anaikapo. Anasuzumira nthawi yaitali, akupotokola kachitsulo kam'mbali. Kenako anadzuka, nkhope ili yosangalala ngati munthu amene watola ndalama, n'kupempha kuti mayi wamkulu wa pabanjapo ayambe ndiye kuona. Apongozi anamanga bwino nsalu yawo, anawerama, anatseka diso lina ndi chikhatho. Atadzuka anatembenukira kwa mkazi wanga n'kunena mofatsa, mawu omveka mpaka kukhomo:

"Uwafunse atate ake Esinati ngati tizilomboti amachita kutiweta. Ndi tonenepa kuposa ta pachithaphwi tija."

Anthu anaseka chikhakhali. Mphunzitsi anayesa kundithandiza, nati madzi a chitsime chilichonse chosavundikira amakhala otero, chofunika n'kuwiritsa, koma panalibe womumvera. Ine thukuta linali kamukamu, likutsuka fumbi lija m'mizere. Mkazi wanga sanafunikenso kusendera pafupi. Anangokweza zala ziwiri.

Munthu wanzeru akanati tiyeni tikaone ng'ombe. Koma manyazi ali ngati mowa, ukamwa pang'ono umafuna wina woti uiwalire woyambawo. Kumapeto kwa tenti kunali bokosi lathabwa lokhala ndi chogwirira chopukusa, chofanana kwambiri ndi cha makina anga osokera, ndipo mwina n'chimene chinandinyenga. M'bokosimo munkatuluka mawaya awiri, kumapeto kwake timitengo tamkuwa. Mphunzitsi anati akufuna anthu khumi olimba mtima agwirane manja mozungulira, woyamba agwire mkuwa uwu, wotsiriza agwire winawo, kuti tonse timve mmene magetsi amayendera m'thupi la munthu. Anthu anabwerera m'mbuyo. Ine ndinapita patsogolo, n'kunena kuti magetsi ndinakhala nawo nyumba imodzi ku Halale, ndi chinthu chofatsa ukachidziwa.

Ndinagwira mkuwa ndi dzanja lamanja. Lamanzere ndinagwira Esinati, Esinati anagwira amake, amake anagwira agogo, agogo anagwira mayi wina wachilendo, mpaka mzere unazungulira. Zonse mwadongosolo lake, pakati pa ine ndi apongozi pali anthu awiri monga mwa nthawi zonse. Popeza iwo anali kumanzere kwanga, ine ndinapotolera khosi kumanja, kumene kunaima bambo wina wa ndevu, ndipo ndinayamba kumufotokozera kuti magetsi ndi moto wamadzi umene umayenda m'kati mwa waya.

Ndili pakati pa phunziro limenelo, mphunzitsi ananena kuti ana ndi amayi oyembekezera atuluke mumzere. Ine ndinangomva za ana zokha. Ndinamva kadzanja ka Esinati kakuchoka, ndipo mwana uja anathamangira kumafupa aja, amake n'kumutsatira kuti asakawagwetse. Pamene panatsala mpata, mphunzitsi, munthu wosadziwa za kwathu, anangotenga dzanja langa n'kuliika m'dzanja lotsatira. Apongozi nawo anali atapotolera nkhope kumanzere, duku latsopano litakokedwa mpaka patsaya, poganiza kuti pampatapo alowetsapo mlendo. Tonse awiri tinali kusunga mwambo ndi mtima wonse, ndipo mwambowo ndi umene unatipereka.

Dzanja limene ndinaligwira linali la munthu wamkazi, lokhakhala ndi khasu, zala zazifupi. Ndinalidziwa. Linali dzanja limene ndinaligwira zaka zisanu ndi chimodzi, kapena ndinkaganiza choncho, osadziwa kuti mwana amatengera amake ndi zala zomwe. Ndinaganiza kuti mkazi wanga akuopa magetsi, ndipo chifundo chinandigwira. Ndinalifinya, kenako ndinakanda m'chikhatho mwake ndi chala, kachizindikiro kathu ka pa chibwenzi kamene tinkachita tikakumana kuchigayo. Ndipo osatembenuka, ndinapendekera kumanzere n'kunong'ona:

"Usaope, wanga, ndilipo. Koma uigwiritsitse nkhalamba yakoyo, lero iona kuti Halale si masewera."

Dzanja lija linauma ngati chikuni. Ndinatembenuka. Iwonso anatembenuka. Ndipo nthawi yomweyo mphunzitsi anapukusa.

Amene simunagwidwepo ndi magetsi a m'bokosi lotero, dziwani kuti sakulola kusiya. Zala zimadzipinda zokha. Mutu unkalamula kuti taya dzanjalo, thawa, kalowe kutchire, koma dzanja langa linkangofinyirafinyira la apongozi ngati ndalipeza patatha zaka. Zigongono zinkadumpha, mawondo ankagundana, mzere wonse unkavina, koma anthu sankaona enawo, ankaona ife awiri, maso ndi maso, mapewa akugwedezeka pamodzi ngati tagwirizana sitepe ya chimtali. Duku lobiriwira lija linagwa. Ine, munthu wa ku Halale, ndinakuwa kuitana amayi anga amene anali atamwalira kalekale.

"Ndisiyeni, atate ake Esinati! Ndisiyeni!"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene apongozi analankhula kwa ine chikwatirire mwana wawo. Ndipo mawu anga oyamba owauza ndikudziwa kuti ndi iwo anali akuti, "Si ine, amayi, ndi magetsi."

Mphunzitsi, poona kuti anthu asangalala kuposa tsiku lina lililonse, anawonjezera kupukusa. Pamene analeka, tonse awiri tinakhala pansi pa udzu nthawi imodzi, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ndinali ndikadaligwirabe dzanja lija. Magetsi anali atachoka, amene anatsala anali mantha. Anachita kulisolola okha, chala chimodzichimodzi. Nditakweza maso ndinaona anthu atatu a m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene anabweretsa ng'ombe pachionetseropo, atagwirana m'mapewa kuti asagwe ndi kuseka. Mkazi wanga sanawerenge kachitatu. Ndinamupeza kuseri kwa tenti atagwira mimba, misozi ili chuchuchu, ndipo mpaka lero amati ankalira.

Pobwerera pa lole Esinati anafunsa kawiri kuti agogo ndi atate adzavinanso liti. Mbiri inafika kumudzi tisanatsike n'komwe. Masiku atatu ndinkalawirira kudimba n'kubwerako dzuwa litapendeka, kudzera njira ya kuseri kwa makola. Ndinali ndi chisoni chenicheni, ndisaname. Ndinkaona khonde la ku Katete likupita, ndinkaonanso kuti mwina ndi ukwati womwe ukupita, chifukwa mkamwini wogwira apongozi dzanja pagulu, kuwakanda m'chikhatho ndi kuwatchula nkhalamba, anthu ena anapirikitsidwa pa zochepa kuposa zimenezo. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakum'mawa. Ndinaganizapo zongonyamula makina anga n'kuzemba, koma ndikanakhala mlamba uja ankanena.

Tsiku lachinayi a Gelesomu anandiitanitsa. Ndinapita ndi ankhoswe anga ndi tambala woyera m'khwapa, n'kukhala patali, mutu uli pakati pa mawondo. A Gelesomu anayamba kuyala nkhani kuchokera kutali, za makolo, za ulemu, za mmene dziko laonongekera chibwerere malole. Asanafike n'komwe ku Foti Jemusoni, mlongo wawo anawadula. Ndinamva mphasa ikukhwekhwerezedwa, kenako mapazi awiri anaima patsogolo panga.

"Atate ake Esinati, tandiyang'anani. Manyazi aja anathera mutenti, tisavutike nawonso."

Ndinakweza maso movutikira. Anali atavala duku lobiriwira lija. Anakhala pansi n'kunena, akundiyang'ana ine osati ankhoswe, kuti zaka zonsezi ankaona munthu wogwada, wothawira kutchire, wosalakwa kanthu, ndipo munthu wosalakwa kanthu ndi woopsa chifukwa sudziwa chimene wabisa. Mwana wawo sakanamupereka kwa munthu amene ankangomudziwa msana.

"Tsopano ndakudziwani," anatero. "Ndinu wodzitama, pakamwa panu palibe chitseko, ndipo chitsime simudziwa kukumba. Koma mwamuna amene patha zaka zisanu ndi chimodzi akadagwirabe dzanja la mkazi wake mmene munagwirira langa lija, ameneyo mwana wanga sangakamutaye kumsewu. Mutengeni."

Ine tambala uja ndinangomufinya mpaka analira m'malo mwanga. A Gelesomu, amene mlandu wawo unali utawathawa m'manja, anangoti iwonso maganizo awo anali omwewo.

Apongozi anali asanamalize. Anati popeza mwana wawo ali pafupi kuchira, ndipo popeza nkhalamba inalonjezedwa kuti iona kuti Halale si masewera koma sinaone bwino chifukwa cha kugwedezeka, iwonso apita nawo ku Katete kukathandiza mwezi umodzi wokha.

Khonde lija ndinalipeza mvula isanagwe. Mwezi umodzi wa apongozi unatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anadzipezera kampando pafupi ndi makina anga, ndipo mawu onse amene anawasunga pa chikamwini changa anawatulutsa pamenepo, tsiku ndi tsiku, osadzeranso mwa Esinati. Ankandiuza kuti kolala ndapotoza, kuti ndadula nsalu mowononga, kuti madzi ndiwiritse. Aliyense wobwera kudzayesa thalauza ankamuuza kuti telalayu ndi waluso, koma asalole kuti amugwire dzanja. Tsiku limene tinawaika m'manda, ndinabwerera pakhonde paja n'kupeza kuti sinditha kusoka pali chete.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo ndinaphunzira kutseka pakamwa ndi kuyang'ana dzanja ndisanalikande. Koma taganizani nokha. Zaka zisanu ndi chimodzi za ulemu zinandipatsa zilonda za chitedze, pamene uchitsiru wa mphindi imodzi unandipatsa mkazi wanga, ntchito yanga ndi mayi wachiwiri. Munthu amene zinamuyendera choncho n'kovuta kumulangiza, ndipo mkazi wanga anasiya kalekale kuyesa.